Mapepala Makumi Anayi ndi Awiri

M'buku wolemba anangoika mzere umodzi:
"Anadumpha, ndipo holo yonse inaiwala kupuma."
Iye anathera pomwepo, n'kukamwa tiyi wake.
Ine Norie Isogai, pa desiki yachitatu kuchokera pa zenera,
pamwamba pa sitolo ya njinga ku Suginami,
andipatsa mzere womwewo kuti ndiuphwanye
m'mapepala makumi anayi ndi awiri,
masekondi osakwana awiri pa kanema.

A Hatanaka anandibwezera zojambula zanga Lachiwiri.
Sanakalipe. Anangoloza ndi thako la pensulo:
"Mtsikana wakoyu alibe kulemera.
Akuuluka ngati jumbo pa mphepo.
Pita ukaone munthu akugwa."

Ndinakwera sitima yoyamba kusanache,
pakati pa anthu oweruka ntchito ya usiku, osinza chiimire.
Pa bwalo la ayezi ndinapeza a Umezu
akusalaza zipsera za dzulo ndi chigalimoto chawo chaulesi,
m'mbuyo mwake mukutsala madzi onyezimira.
Mpweya wanga unkaoneka.
Zala zinakana kugwira pensulo.

Kazusa, wa zaka khumi ndi zinayi,
golovesi yobooka pa chala chamkombaphala,
anakoka zingwe za nsapato mpaka mano kuluma mlomo.
Mpeni wa kuphazi unalira khweee,
anabwerera chambuyo, bondo lamanzere likupinda,
anabaya ayezi ndi nsonga, n'kudzipota m'mwamba ngati nguli,
kamodzi, kawiri,
kachitatu kasanathe
phuu! ndi chiuno.

Ndinawerenga.
Kasanu ndi kawiri asanamwe madzi.
Kakhumi ndi kanayi dzuwa lisanafike pa magalasi.
Mphunzitsi wake, mayi wa jekete lofika m'akakolo,
sanatulutse ngakhale dzanja m'thumba:
"Phewa lako lathamangira kutsogolo. Bwereza."
Pa benchi mayi ake a mwanayo afumbata chitini cha khofi
chimene chinazizira osatsegulidwa,
maso amathawira pansi mwana akangonyamuka.

Sindinkadziwa kuti kudumpha kumayambira pansi,
kuti munthu amayamba wamira asanakwere,
ntchafu ikunjenjemera, nsagwada zitalumana.
Sindinkadziwa kuti tsitsi limachedwa:
thupi latembenuka kale, ilo likadali komwe linali.
Ngakhale za kafumbi koyera kotsalira pomwe wachoka
palibe anandiuzapo kusukulu.

Potuluka anasuzumira m'kope langa.
"Mwangojambula ndikugwa basi."
"Ndi zomwe ndaona."
Anaseka, mphuno ili psuu, akupukuta mpeni ndi kansanza.
"Buku lija ndinaliwerengera m'sitima.
Mtsikana wa m'menemo matako samupweteka.
Mpikisano wa chigawo uli pa naini. Musabwere."

Usiku umenewo sitima yomaliza inandisiya dala.
Nyenyeswa za labala zinadzaza m'mikono ya juzi.
Pepala la khumi ndi chimodzi, bondo lamira.
La makumi awiri, mikono yafungatira chifuwa
ngati wina akufuna kumulanda kanthu.
La makumi atatu, tsitsi likuthamangira mwini wake.
Buku likuti anatera bwinobwino,
oweruza n'kuimirira. Ndinamvera.
Koma pa pepala la makumi atatu ndi asanu ndi anayi
kakolo ndinamupendeketsa pang'ono,
pang'ono chabe, mwa kukula kwa nsonga ya pensulo,
pomwe Kazusa amathera m'mawa uliwonse.
Pepala limodzi. Diso silingaligwire.

A Hatanaka anawaphethiritsa mapepalawo ndi chala chachikulu,
mtsikana n'kudumpha m'manja mwawo.
Anaima. Anabwerera mapepala atatu.
Anayang'anitsitsa, osandiyang'ana ine,
kenako chidindo chawo chofiira chinagwa pakona.

Adzaonetsa usiku kwambiri, chisanu chikadzafika.
Dzina langa lidzadutsa kumapeto,
laling'ono ngati nyerere, pakati pa mayina makumi asanu.
Zotsatira za pa naini sindinazifufuze.
Lolemba ndikweranso sitima yoyamba,
ndagula magolovesi awiri,
ena ang'onoang'ono.